Makiyi a Kapitawo

Achemwali anga aakulu anagwira ntchito yokonza zipinda pa loji ina ku Senga Bay kwa zaka zisanu ndi zinayi. Anawachotsa Lachiwiri lina cha m'ma 4 koloko masana, pa geti, pamaso pa anzawo khumi ndi mmodzi komanso mlonda. Mlandu unali wa matawulo atatu amene anasowa m'chipinda chosungiramo zochapa. Kapitawo woyang'anira zipinda ndiye anawasecha. M'chikwama mwawo simunapezeke tawulo ngakhale imodzi, komabe mawa lake kalata inatuluka yonena kuti akuganiziridwa kuti anaba.

Sabata isanathe, ana a m'dera mwathu anayamba kutchula nyumba yathu kuti kwa a matawulo. Achemwali akafika pa mjigo, amayi ena ankasendeza zochapa zawo. Anasiya kupita ku kwaya. Anasiya kupita kumsika. Anakhala m'nyumba miyezi inayi, ndipo ndiwo ndinkagula ndine pochokera ku ntchito. Pa nthawiyo n'kuti nditabwerako ku Lilongwe, kumene ndinkagwira ntchito yotola nkhani, ndipo ndinkaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale. Ndinkagona m'kachipinda ka kumbuyo m'nyumba mwawo. Ndinkaona mayi amene kale ankaseka mpaka kumveka kumsewu akutsegula chitseko pang'ono, kusuzumira kaye, asanapite kukataya madzi.

Ndinene mosabisa: ndinkafuna kuti kapitawoyo achite manyazi pagulu, anthu ochuluka kuposa khumi ndi awiri aja akuonerera. Kumumenya sindikanatha, ndi munthu wamphamvu kuposa ine. Chimene ndinali nacho ndi gulu la zisudzo.

M'gulumo tinalimo asanu ndi atatu. Munali operekera zakudya m'maloji awiri, telala, mtsikana wogulitsa usipa wouma, ndi ena. Mtsogoleri wathu anali mayi wina, mphunzitsi wopuma, amene ankatha kulankhula bwalo lonse n'kumva popanda chimkuzamawu. Masewero athu sitinkalemba pa pepala. Tinkangogwirizana kuti nkhani iyambira apa, idzera apa, ithera apo, kenako aliyense ankapeza yekha mawu ake. Nyengo imeneyo tinkakonza sewero la momwe ogwira ntchito amavutikira m'maloji. Ine ndinati muikidwe gawo la kusecha pa geti, ndipo ndinapempha mbali ya bwana.

Mtsogoleri anandiyang'ana kwa kanthawi.

"Aphunzitsi, inu si paja mumakonda kukhala dokotala? Ubwanawu mwaufuniranji lero?"

"Ndatopa ndi kuyeza anthu malungo, mayi."

"Chabwino. Koma dzina la munthu lisatuluke pakamwa panu."

Dzina silinkafunika. Kwa masabata atatu ndinamufufuza kapitawoyo monga ndinkachitira ndi nkhani ya m'nyuzipepala. Ankafika pa ntchito pa njinga yamoto 7 koloko isanakwane. Asanalowe ankamwa tiyi ndi masikono awiri pa tiirumu ya pafupi ndi mseu. Pa lamba, kudzanja lamanja, ankapachika makiyi. Ndinawawerenga atakhala pa benchi, analipo khumi ndi anayi. Asanalankhule ankadina bolopeni katatu. Nsapato ankapukutira kumbuyo kwa thalauza, mwendo umodzi kenako winawo. Mkazi aliyense, wamkulu kaya wamng'ono, ankamutchula kuti "mayi wanga". Ndipo palibe amene anamumvapo akukuwa.

Ndinacheza ndi mlonda uja, bambo wachikulire wa Chisilamu, komanso amayi awiri amene analipo tsikulo. Onse atatu anafotokoza zofanana, ndipo onse atatu anaimira pamalo amodzi.

"Kenako anatulutsa zonse za m'chikwama."

"Zonse ziti?"

"Zonse basi, aphunzitsi."

Ndinawakakamiza mpaka ndinalemba zinthu zinayi: buku la nyimbo, bakuli la chakudya, sopo ndi foni. Nditawafunsa achemwali kuti anditsimikizire, anapitiriza kusankha mpunga m'lichero osadzutsa mutu.

"Achimwene, zisiyeni."

Sewero loyamba tinachitira pa bwalo la pafupi ndi msika. Tikuvala kuseri kwa golosale, mtsogoleri anabwera ndi pilo.

"Lowetsani m'malayamo."

"Mayi, munthu amene ndikumuganizirayo alibe mimba."

"Bwana wopanda mimba anthu amuyesa mesenjala. Lowetsani."

Umo ndi momwe bwana amaonekera m'zisudzo za kwathu kuno kuyambira ndili mwana: mimba ya pilo, jekete ngakhale kutenthe bwanji, tayi wolekezera pachifuwa, magalasi opanda galasi, ndi Chingelezi chothyokathyoka. Ndinavala zonsezo, n'kupachika makiyi anga a zitseko zakale.

Nditangolowa m'bwalo anthu anafa nacho chiseko. Amene sanasewerepo sangadziwe mmene chiseko chimakokera munthu. Umalowa uli ndi cholinga chako, koma anthu akaseka kamodzi umafuna aseke kachiwiri. Ndinayamba kuwonjeza. Ndinakuwa, ndinatuzula maso, ndinapunthwa pa chikwama n'kugwa chagada, pilo n'kuthawira kumbali. Mtsikana wa usipa uja, amene ankasewera wantchito, ankayenera kulira, koma ndinamuona akudziluma mlomo kuti asaseke. Zonse zimene ndinalemba m'kabuku masabata atatu aja zinamira m'phokosomo. Anatsala ndi makiyi okha.

Kapitawo analipo. Anaimitsa njinga yake kumbuyo kwa anthu, ndipo ankaseka mpaka kupukuta misozi. Titamaliza anadutsa pakati pa anthu, n'kundisupa poika ndalama m'thumba la jekete langa, monga amachitira anthu akasangalala ndi wosewera.

"Aphunzitsi! Anthu akuti uja ndi ine. Koma mimba mwawonjeza, inu! Makiyi okha ndiye mwakhoza."

Anandigwira paphewa n'kupitiriza:

"Mukadzachitanso mundiuze, ndibwere ndi anzanga adzaone. Achemwali ali bwanji kunyumba? Mukawapatse moni."

Ndalamayo ndinampatsa telala kuti aike m'thumba la gulu, chifukwa sindikanatha kugulira kanthu kodya. Masiku otsatira, anyamata a kabaza akamuona ankakuwa kuti "Abwana a m'sewero!" ndipo iye ankawakwezera dzanja ngati phungu. Ndinamupatsa ulemu umene analibe kale.

Poyeserera sabata yotsatira ndinabweza pilo.

"Mayi, ulendo uno ndilowa momwe ndililimu. Malaya oyera, thalauza, makiyi ndi bolopeni."

"Ndiye anthu aseka chiyani?"

"Asaseke."

"Aphunzitsi, anthu akapanda kuseka amapita kukaonera mpira."

Tinakangana pafupifupi ola lathunthu. Pomaliza anati ndiyese kamodzi, zikakanika pilo abwerera.

Kuyenda kwake ndi kudina bolopeni sizinandivute. Anandivuta ndi mawu. Ndikayesa kulankhula motsitsa ngati iye, ankatuluka mawu a m'busa kapena a namwino, mawu a munthu wachifundo. Ndinayesa masiku anayi osawapeza. Ndinadzawapeza m'kalasi. Mtsikana wina wa sitandade 7 ankapatsira mnzake kapepala, ndinakalanda, n'kuima kutsogolo, n'kunena mofatsa kuti, "Tiyeni tonse timve zimene mnzathu walemba." Ndili pakati powerenga ndinadzimva ndekha. Anali mawu omwe aja: ofatsa, osathamanga, a munthu amene akudziwa kuti winayo alibe kothawira ndipo zikumukomera. Kapepalako sindinakamalize. Koma mawuwo ndinawasunga, ndipo madzulo ndinawayesa m'chipinda mwanga. Anakwanira ndendende. Sizinandisangalatse kudziwa kumene ndawatenga, koma ndinkawafuna, ndipo ndinawagwiritsa ntchito.

Khoma la pakati pa chipinda changa ndi cha achemwali silifika kudenga. Tsiku lina m'mawa, akundipatsa tiyi, anati:

"Makiyi anuwo akumveka kuno."

"Pepani, ndizichitira panja."

"Sindinati musiye."

Sewero lachiwiri linali Loweruka, 3 koloko masana, pa bwalo la mpira la kusukulu. Ndinatumiza uthenga kwa kapitawo kudzera mwa mmodzi wa operekera zakudya aja. Anabwera ndi anzake anayi, ndipo anawapatsa mipando ya pulasitiki kutsogolo kwenikweni. Poyerekeza ndi maso, anthu analipo mazana atatu kapena kuposerapo. Amuna anaima kumbali ya golo, amayi anakhala pansi pa mitengo ya mango.

Nditalowa anthu anaseka pang'ono, akudikira kuti ndigwe. Sindinagwe. Ndinapukuta nsapato kumbuyo kwa thalauza, ndinadina bolopeni katatu, n'kunena motsitsa kuti, "Mayi wanga, tabwerani ndi chikwamacho." Chiseko chinazilala. Ndinatulutsa buku la nyimbo, bakuli, sopo, foni. Mtsikana wa usipa uja ulendo uno analiradi. Anandiuza pambuyo pake kuti ankachita nane mantha.

Ndinaponya diso kwa kapitawo. Anali atapingasa miyendo, akumwetulirabe, ngakhale kuti mano sankaonekanso. Kenako bambo wina wa kumbali ya golo anakuwa:

"Nanga akanatani? Katundu wasowa, asasechedwe?"

Ena anavomereza. Ndinazindikira kuti ndalepheranso. Anthu anaona bwana wolimba mtima amene akugwira ntchito yake. Zinthu zinayi za m'kabuku kanga zinali zoona, koma sizinali zokwanira kuchititsa munthu manyazi.

M'masewero athu muli chizolowezi chimodzi. Nkhani ikafika poipa, mtsogoleri amaimitsa sewero n'kufunsa anthu kuti amene akuona kuti zikanayenda mwina abwere adzasonyeze. Nthawi zonse amene amabwera amatenga mbali ya wozunzidwayo, n'kusonyeza momwe akanayankhira. Mtsogoleri anaomba m'manja n'kufunsa.

Kenako pansi pa mango panaimirira mayi wina, n'kumanganso chitenje chake. Anali achemwali. Sindinkadziwa kuti abwera. Pochoka ndinawasiya akutsuka mbale. Akuyenda kulowa m'bwalo ndinamva kunong'ona kukuyenda m'mizere ya anthu: a matawulo, a matawulo aja. Padzuwa ndi pamene ndinaona bwino mmene anaondera.

Mtsikana wa usipa anawapatsa chikwama. Iwo anachilandira, koma anabwera nacho kwa ine.

"Achimwene, bweretsani makiyi."

"Achemwali, mbali ya wantchito ndi iyo."

"Ndati makiyi. Ndi bolopeniyo."

Ndinamasula lamba n'kuwapatsa. Anawamangirira pa chitenje, kudzanja lamanja. Zinthu zinayi zija anazibwezera m'chikwama, anabwereka mpango kwa mtsogoleri n'kuupinda kanayi, n'kuuika pansi penipeni. Kenako anandikoleka chikwamacho paphewa.

"Imani apo. Inu ndinu ine."

Anabwerera m'mbuyo mapazi asanu, n'kutembenuka. Amene anatembenukayo sanalinso mlongo wanga. Mapewa anakwera, chibwano chinatsika, miyendo inatakasuka pang'ono. Anapukuta patapata wake kumbuyo kwa mwendo, uwu kenako uwo. Panali amene anafuna kuseka, koma bolopeni italira katatu bwalo lonse linati zii.

"Mayi wanga, musaope. Ngati simunabe, mukunjenjemereranji?"

Ine posewera ndinkaponya zinthu pansi. Iwo sanaponye. Ankatulutsa chimodzi, n'kuchionetsa kwa anthu mbali zonse, n'kuchiyala pansi bwinobwino, pamzere. Bakuli analitsegula n'kununkhiza.

"Usipa. Wakunyumba kapena wa m'khitchini mwathu? Chabwino, tiusiye."

Atafika pansi pa chikwama sanalowetse dzanja. Analowetsa bolopeni, n'kutulutsa mpango uja ukulendewera kunsonga kwake, atautalikitsa ndi nkhope.

"Nanga ichi? Mayi wanga, tawulo yathu mwaidulaidula kuti muzivalira kumwezi?"

Kumbali ya amayi kunamveka "Mayo!" ngati munthu waponda moto.

"Alonda, tasenderani kuno muone. Anyamata inu, musaseke, ingoonani. Mayi wanga, tatambasulani. Tambasulani tione kukula kwake, mwina ndi yathu."

Anandiponyera mpangowo pamapazi. Ndinawerama n'kuutola. Unali mpango wamba wa maluwa, wa mphunzitsi wopuma, koma ndinalephera kupeza ngodya zake.

"Kwezani m'mwamba. Akumbuyo sakuona."

Ndinakweza.

Chinthu chachisanu chinali chimenecho: kansalu kamene amayi amavala akakhala kumwezi. Kwathu kuno kansalu kameneka sikayanikidwa ngakhale pa chingwe chapanja, ndipo mwamuna sayenera kukaona. Mlongo sangamuuze mchimwene wake za iko. Mlonda wachikulire sakanandiuza, amayi awiri aja sakanandiuza. Ndinafunsa anthu anayi, ndinalemba masamba asanu ndi limodzi, ndipo chimene chinawatsekera achemwali m'nyumba miyezi inayi munalibemo.

Gogo wina anaimirira n'kulavula pansi. Amayi anayamba kudzuka mmodzimmodzi. Bambo wa kumbali ya golo uja sanamvekenso. Amene analankhula ndi mlonda, ali chiimire pafupi ndi njinga yake, atavula kofia.

"Wallahi, zinali choncho. Ndinalipo. Ine ndinayang'ana kumbali."

Mmodzi wa amayi awiri aja anakuwa ali pakati pa anzake:

"Anatiimika pamzere kuti tione! Mpaka anyamata a m'dimba anawaitana!"

Palibe amene anatchula dzina, koma mitu yonse inatembenukira ku mipando ya pulasitiki. Anzake awiri a kapitawo anali atachoka kale. Sindinaone nthawi imene ananyamukira. Iye anaimirira, n'kukonza lamba, makiyi ake enieni n'kulira. Achemwali anadina bolopeni katatu, n'kumuyang'ana koyamba chilowereni m'bwalo.

"Bambo wanga, khalani pansi, sitinamalize. Ngati simunalakwe, mukuthawiranji?"

Phokoso limene linabuka sindinalimvepo pa sewero lililonse. Mtsogoleri anathamangira pakati atakweza manja, akukuwa kuti munthu asakhudzidwe, ndipo palibe amene anamukhudza kapitawoyo. Amayi anangomupatsa kanjira kopapatiza kopita kumene anaimika njinga yake, ndipo anayenda m'kanjirako mapazi pafupifupi makumi anayi, aliyense akumuuza zake.

"Kwanu mulibe amayi, inu?"

"Munabadwa pa mtengo?"

"Akazi anu amve zimenezi lero lomwe!"

Njinga inakana kulira kawiri. Kachitatu inalira, ndipo anachoka osavala chipewa chake, chili chilendewerere pa chigongono. Ine ndinali chiimire ndi mpango m'manja, ndipo ndinayang'ana mpaka fumbi litatha. Ndinasangalala. Mpaka lero ndikakumbukira mapazi makumi anayi amenewo ndimasangalala, ndipo sindinapemphepo chikhululuko pa zimenezo.

Matawulo atatu aja sanapezeke, ndipo achemwali sanabwezeredwe ntchito. Kapitawo anakhalabe pa lojipo mpaka mvula itayamba. Mayi wa tiirumu ankamuuza m'mawa uliwonse kuti tiyi watha, ketulo ikuwira pambali. Kenako anachoka, ena amati anapempha yekha, ena amati anamusamutsa, ndipo ine sindinatsimikize.

Tsiku la sewerolo tinabwerera limodzi kunyumba, dzuwa likadalipo. Achemwali ankayenda patsogolo, ine pambuyo. Za kansalu kaja sitinakambe, ndipo sitinakambepo mpaka pano. Ndinangofunsa chimodzi.

"Achemwali, kusewera kumeneku munaphunzira kuti?"

"M'nyumba."

"Liti?"

"Inu mukapita kusukulu. Kuyambira sabata yoyamba ija. Ndimati ndikatseka chitseko, munthu uja amabwera yekha pakamwa panga. Ndimayala zinthu pa mkeka, ndimadzifunsa, ndimadziyankha. Poyamba ndinkaona ngati ndayamba misala."

"Nanga bwanji simunandiuze kuti ndikulakwitsa?"

"Munkalakwitsa kwambiri. Munthu uja saponya zinthu. Komanso inu mumakwiya msanga, nkhope imaonekera. Iye sakwiya."

Titafika pa mphambano, njira yakwathu ndi yakumanzere. Iwo anakhotera kumanja, kumsika. Ndinawatsatira. Anadutsa mabenchi a tomato anthu akuwayang'ana, n'kukaima pa mayi wina wogulitsa utaka, amene miyezi inayi yonseyo ankandigulitsa ine osafunsako za iwo. Mayiyo anayamba kupukuta manja pa chitenje.

"Asisi, mwasowatu. Tamva za kubwaloko. Ife sitinkadziwa, pepani."

Achemwali anatembenuza nsomba imodzi ndi chala, n'kuyang'ana m'makha mwake.

"Utaka uwu ndi wa dzulo. Mchimwene wangayu mwamudyetsa zotere mokwanira. Tulutsani wa lero uli pansi pa benchiwo."